Woyamba pamtundu kupita ku yunivesite: tikamukweza basi pa Manjawira, amulandira ndani?

Mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, masiku ano amafikira pa foni. Pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1 kum'mwera kwa boma la Ntcheu, mndandandawo umayamba kugwera pa WhatsApp ya aphunzitsi kapena ya mnyamata wa pakashopu ka Airtel Money. Anthu amaunjikana, mitu pamodzi, chala chikutsetsereka pagalasi kufunafuna dzina lakwawo pakati pa mayina zikwizikwi. Likapezeka, dzuwa sililowa mudzi wonse usanamve. Amayi amaimba nthungululu, agogo amagwetsa misozi, ndipo amalume amene sanaoneke nthawi ya fizi ya Fomu 2 amatulukira n'kuyamba kufotokozera anthu kuti mwanayo anatengera iwo.

Chisangalalo chikazizira, pamatsala mafunso amene pakhomopo palibe angawayankhe. Ku Zomba kapena ku Thyolo akafikira kwa yani? Ngongole ya boma amapempha bwanji, nanga tsiku lotsekera ndi liti? Anyamule mbaula ndi mapoto, kapena chakudya akachipeza komweko? Bambo amadziwa nthawi yodzala nandolo ndi mtengo wa mbuzi pamsika, mayi amadziwa kutambasula thumba limodzi la chimanga kuti lifike mwezi wamawa, koma za semesita sanazionepo. Mwanayo amanyamuka ali ndi nzeru zokwanira, wopanda womulondolera njira. Ana otere akabwerera panjira timati ndalama zinavuta kapena sukulu inawakulira. Koma zambiri zimene zimawagwetsa ndi zinthu zimene mwana wa mphunzitsi kapena wa namwino amazimva ulere kwawo, akudya nsima.

Mbadwo umene makolo ake sanafikeko

Kuti oyamba pamtundu achuluke chonchi, pali mbiri yake. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira pafupifupi 90, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Kwa zaka zoposa 30 dziko lonse linkadalira yunivesite imodzi, mpaka Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999. Nthawi imeneyo munthu wa digiri m'mudzi ankadziwika dera lonse.

Zinthu zinatembenuka mu 1994 pomwe boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana a m'sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo ophunzirirapo a MCDE kukhala sukulu zoyendera za CDSS, zimene lero ndizo zimalandira ana ambiri a kumidzi. Mayunivesite nawo anawonjezeka. Bunda inapatuka n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la UNIMA. Mayunivesite a boma tsopano alipo 6.

Ana amene anathamangira ku Sitandade 1 mu 1994 aja ndiwo akhala makolo a ambiri amene akulemba mayeso a MSCE lero. Ochuluka a iwo analekezera ku pulayimale. Amadziwa kukoma kwa sukulu, n'chifukwa chake amagulitsa mbuzi ndi kuchita maganyu kuti mwana apitirire, koma kumene mwanayo akupita iwo sanapondeko. Ndipo chichokereni mu 2020 ndondomeko ya kota, yogawa malo a ku yunivesite potengera boma limene mwana akuchokera, mwana wa pa CDSS ya kuno akupikisana pa mapointi ndi anzake a ku Dedza Secondary, Likuni kapena Marymount, komwe kuli malaibulale, malabu ndi aphunzitsi amene atumiza ana ku yunivesite chaka ndi chaka.

Khomo limatsekeka ku Fomu 3

Aliyense amadziwa kuti yunivesite ya boma imafuna makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili pomwepo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene amayang'anidwa. Wofuna udokotala ayenera kukhoza bwino Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Wofuna uinjiniya sangathawe Masamu ndi Physics. Mwana amene amasiya Physics ku Fomu 3 chifukwa pasukulupo palibe labu, kapena mphunzitsi wake anasamutsidwa osabweranso wina, amakhala wadzitsekera makomo angapo iye osadziwa. Amadzazindikira patapita zaka ziwiri, fomu ya National Council for Higher Education (NCHE) ili m'manja.

Fomu imeneyo ili ndi misampha yake. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo limayendetsa ntchito yosankha ophunzira ku mayunivesite a boma pamodzi, ndipo wophunzira amalemba mapulogalamu angapo motsatana ndi kufuna kwake. Mwana wopanda womulangiza amadzaza mizere yonse ndi mapulogalamu amene dziko lonse likulimbirana, chifukwa ntchito zimene anazimvapo ndi udokotala ndi uinjiniya basi. Mapointi amene akanamulowetsa bwinobwino ku zauphunzitsi, zaulimi wothirira, zankhalango kapena zausodzi amapita pachabe, dzina osatuluka. Mnzake wa mapointi omwewo, amene azakhali ake anadutsa ku Bunda, amasakaniza mapulogalamu ovuta kulowa ndi ena opepukirapo, n'kusankhidwa.

Palinso njira zina zimene m'mudzi sizitchulidwa kawirikawiri: Domasi College of Education, Nalikule College of Education, Malawi College of Health Sciences, makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ndi maphunziro ochita uli kwanu amene mayunivesite ena akupereka. Mwana akapanda kuona dzina lake pamndandanda woyamba amangoti basi zanga zada, pamene makomo enawa akadali otsegula.

Masamu a ngongole

Nthawi imene wophunzira wa ku yunivesite ankadya ku kafeteriya ulere, kugona ku hositelo ulere ndi kulandira kangachepe ka m'thumba inapita. Lero wosauka amadalira ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Ngongoleyi siibwera yokha chifukwa choti munthu wasankhidwa. Amaipempha payekha, pa nthawi yake, ndi chitupa cha unzika komanso umboni wakuti banja silingakwanitse, ndipo si onse opempha amene amapatsidwa. Ikaperekedwa, ya fizi imapita kusukulu, ya chakudya ndi malo ogona imapita kwa wophunzira. Ndi ngongole yeniyeni, yoti akadzamaliza adzabweze kuti ena apindulenso.

Mu 2024 ndalama ya chakudya ndi malo ogona inakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Kwa munthu wa kumudzi imeneyi ikumveka ngati chuma. Koma tiyeni tiigawe. Chaka cha maphunziro chimatenga miyezi pafupifupi 8, ndiye kuti K70,000 pamwezi, kapena K2,300 ndi kakusefukira patsiku. M'menemo muchoke lendi, ufa, ndiwo, makala, sopo, bando ya intaneti, kusindikiza ma asayimenti ndi thiransipoti yobwerera kumudzi. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu inakwera, ndipo siinatsikenso. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amadya kamodzi patsiku, ena amagulitsa mandasi, zovala za kaunjika kapena mayunitsi m'mahositelo.

Banja lodziwa izi limakonzekeratu. Limadziwa kuti ngongole siingafike tsiku lotsegulira sukulu, choncho mwana amanyamuka ndi ya mwezi woyamba m'thumba. Banja losadziwa limamupatsa ya basi yokha, n'kumuuza kuti zina akakapeza kwa boma.

Sabata yoyamba

Tamuoneni mtsikana amene wasankhidwa ku UNIMA. Wakwera minibasi pa Manjawira m'bandakucha, wasintha pa Chingeni, wadutsa Balaka ndi Liwonde, ndipo wafika ku Zomba dzuwa lili paliwombo. Wanyamula chikwama, thumba la ufa, nyemba zomanga m'chitenje, ndowa, ndi kambaula mkati mwa ndowamo. Pageti akumuuza kuti malo ku hositelo anatha. Amene ankadziwa anapezeratu zipinda ku Chikanda masabata apitawo kudzera mwa abale ndi anzawo. Iye akuyamba kufunsa khomo ndi khomo, katundu pamutu, mpaka wapeza kachipinda kogawana ndi atsikana ena atatu amene sanawaonepo.

Kutacha, akumuuza kuti alembetse maphunziro ake pa intaneti, atsegule imelo, asunge pasiwedi. Chala chake sichinakhudzepo kompyuta. Mnzake wa pamzere, amene anaphunzira sukulu yapulaiveti ku Lilongwe, wamaliza zonse pa foni akucheza. Lolemba akulowa m'holo ya anthu mazana. Mphunzitsi akuyankhula Chingerezi chothamanga, sakulemba manotsi pabolodi, ndipo pomaliza akungoti zonse waika pa intaneti, asayimenti yoyamba ikhale yotayipa ndipo ifike Lachisanu. Ku CDSS kwawo aphunzitsi ankalemba manotsi bolodi lonse, pakavuta n'kumasulira m'Chichewa. Kumeneko iye ndiye anali dolo, wophunzitsa anzake pansi pa mtengo. Pano wakhala kumbuyo, pakamwa pali gwa, kuopa kuti akatsegula anzake aseka katchulidwe kake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuti munthu afunse amayenera kudziwa kuti kufunsako n'kololedwa. Mwana wakumudzi anakula akugwada poyankhula ndi akulu, ndipo kugogoda pa ofesi ya pulofesa amakuona ngati mwano. Sadziwa kuti aphunzitsi amayembekezera ophunzira kubwera ndi mafunso, kuti kuli ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kuti timayeso ta mkati mwa semesita timawerengeredwa pa malikisi omaliza, kapena kuti kukopera ndime ya m'buku osatchula mwini wake ndi mlandu, chikhalirecho ku sekondale kuloweza manotsi ndiko kunkamupatsa mapointi. Zotsatira zikatuluka amapezeka ali ndi masapu awiri, kutanthauza mayeso oti alembenso. Zikabwereza, amamuchotsa sukulu. Alipo amene amachotsedwa koma osanena kwawo, n'kumangokhala m'tauni miyezi chifukwa cha manyazi ndi nthungululu zija.

Kwa mtsikana pali msampha winanso. Njala ikafika pakhosi, pamapezeka anthu okoma mtima mwadzidzidzi: ophunzira a zaka zapamwamba amene amasaka atsopano, ndi azibambo a magalimoto amene amadziwa bwino sabata imene ndalama zimathera. Mtsikana amene ali ndi mkulu wake woti amuimbire foni amakhala ndi pothawira.

Katundu wochokera kumudzi

Woyamba pamtundu sapita kusukulu yekha. Amasenza chiyembekezo cha abale onse, ndipo kawirikawiri amayamba kubweza asanalandire n'komwe digiri. Ngongole ikangolowa, foni imalira. "Mwanawe, tamva kuti boma lakupatsani ndalama. Feteleza wa chaka chino ndiye tikuyang'ana iwe." Kapena mng'ono wake wabwezedwa kusukulu, kapena agogo agonekedwa kuchipatala. Mwana woleredwa bwino sanganene kuti ayi kwa mayi ake. Amangoti, "Chabwino amayi, nditumiza mawa," n'kutumizadi theka, iye n'kumagona ndi madzi.

Makolowo sachita izi mwankhanza. Palibe anawafotokozera kuti ndalamayo ndi ya mimba ya mwana wawo kwa miyezi yambiri, ndi kuti idzabwezedwa. Akanadziwa, ambiri akanaluma mano. Pa holide napo pali zake. Akakhala m'nyumba kuwerenga, amati wayamba kunyada. Akalakwitsa n'kuponyamo mawu a Chingerezi, anzake akale amamuseka. Mabanja ena amafika pobisa tsiku limene mwana anyamuke poopa nsanje. Kusukulu amaoneka wakumudzi, kumudzi amaoneka wa m'tauni, ndipo mtolo umenewu amausenza yekha.

Kwina amachita bwanji?

Vutoli si la Malawi yekha. Ku United States boma linayambitsa pulogalamu ya Upward Bound pakati pa zaka za m'ma 1960, yothandiza ana a mabanja osauka ndi amene makolo awo sanafike ku koleji. Anawo akadali ku sekondale amakakhala pa yunivesite masabata angapo nthawi ya tchuthi, kugona m'mahositelo, kulowa m'laibulale ndi kuthandizidwa kudzaza mafomu, kuti tsiku lodzapitadi asadzakhale alendo. Ku South Africa mayunivesite ambiri ali ndi mapulogalamu otalikitsa, momwe digiri ya zaka zitatu imatenga zinayi, chaka chowonjezeracho n'kukhala cholimbitsa masamu, kalembedwe ndi kompyuta kwa ana ochokera kusukulu zosowa zipangizo.

Kwathu kuno bungwe la CAMFED, limene linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2009, silimangolipirira atsikana fizi. Amene anathandizidwa amalowa gulu lawo lotchedwa CAMA, ndipo ena amabwerera kusukulu za kwawo kukalangiza ang'ono awo. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu nayo imaphunzitsa zomwezi. Anthu amakonda kusimba za makina amphepo amene anapanga atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Koma kuti afike pomaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 2014, panali anthu pa sitepe iliyonse. Dr. Hartford Mchazime anamuyendera kumudzi mu 2006 n'kumuthandiza kubwerera kusukulu, ena anamulipirira ndi kumulangiza, ndipo anadutsa kaye ku African Leadership Academy ku Johannesburg asanawoloke nyanja. Luso anali nalo kale, koma njira anachita kumutsegulira ndi kumuperekeza.

Zimene Manjawira angachite osadikira boma

Zambiri mwa izi sizifuna nduna. Pakati pa kulemba MSCE ndi kuyamba yunivesite pamadutsa miyezi yambiri imene ana amangokhala, ena mpaka kutenga mimba kapena kulowerera ku Joni. Nthawi imeneyo ndi imene iyenera kugwiritsidwa ntchito. Laputopu imodzi ya mphunzitsi, Loweruka lililonse m'kalasi imodzi, ndi yokwanira kuti mwana aphunzire kutayipa, kutumiza imelo ndi kusaka buku pa intaneti. Nyuzipepala zakale za Chingerezi zowerenga mokweza n'kukambirana zimamasula lilime kuposa kuloweza galamala.

Uphungu wosankha maphunziro uziyamba kumapeto kwa Fomu 2, makolo ali pomwepo, kuti aliyense amve kuti kusiya phunziro lakutilakuti kukutseka khomo liti. Mafomu a NCHE ndi a ngongole azidzazidwa pamodzi kusukulu, tsiku lodziwika, osati mwana aliyense payekha pa kafoni kobwereka kamene netiweki yake ikudukaduka.

Mipingo, mizikiti ndi mabanki a m'khonde ali kale ndi luso losonkhetsa ndalama. Timasonkha za maliro ndi zaukwati mosavuta. Thumba laling'ono la thiransipoti, matiresi ndi chakudya cha mwezi woyamba lingapulumutse mwana pa nthawi imene amagwa kwambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene atuluke pamenepo adzathandiza onse. Amfumu nawo ali ndi mbali yawo: kuitana banja mwana asananyamuke, pamodzi ndi munthu amene anadutsako, kuti awauze makolo mosabisa kuti ndalama ya ngongole si ya feteleza.

Mayunivesite asaganize kuti sabata imodzi yolandirira atsopano, yodzaza ndi malankhulidwe a akuluakulu, ndi yokwanira. Funso limodzi pa fomu yolembetsera, lofunsa ngati pakhomo pali wina anafikapo ku koleji, lingawathandize kudziwa ana oyenera kuwayang'anitsitsa. Aliyense wa iwo apatsidwe wophunzira wa chaka chachitatu woti azimuyendera, malo a ku hositelo aziyamba kuperekedwa kwa ochokera kutali amene alibe wachibale m'tauni, ndipo mphunzitsi akaona mwana walephera kayeso koyamba amuitane, osadikira kumapeto kwa chaka. Ndalama za ngongole nazo zizifika sukulu ikangotsegulira, chifukwa njala ya sabata zoyamba ndi imene imathamangitsira ana m'mavuto.

Koma udindo waukulu uli kwa amene anawoloka kale. Ntcheu yatulutsa aphunzitsi, anamwino, maloya ndi akatswiri a zaulimi ambirimbiri amene lero ali ku Lilongwe, Blantyre ndi kunja, ndipo ambiri amadutsa pa Manjawira pa galimoto, kuima pokhapokha akafuna kugula ndiwo. Digiri yoyamba pamtundu ndiyo yodula kwambiri. Yachiwiri imatsika mtengo chifukwa pamakhala wina wodziwa tsiku lotsekera mafomu, wodziwa landilodi wachilungamo ku Chikanda kapena ku Luwinga, woti n'kumuimbira usiku sapu ikagwa. Mudzi ungathe kubwereketsa munthu wotereyu kwa banja limene lilibe. Chofunika n'chakuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu iliyonse m'derali atenge kope teremu ino, alembe mayina ndi manambala a ana onse amene anachoka pasukulupo n'kupita ku koleji, awaike m'gulu limodzi la pa foni, ndipo awaitane pa holide ikubwerayi kuti adzakhale pansi ndi a Fomu 2 ndi a Fomu 4, makolo awo ali pomwepo.